Ndege inandithawira m'maudzu nditatera kale

Nkhani iyi ndakhala nayo miyezi ingapo osailemba, manyazi. Munthu ukangokhala ndi laisensi yoyendetsa ndege, olo kakhale kandege ka anthu anayi, anthu amakuona ngati ndiwe winawake, ndiye kubwera poyera nkumanena kuti ine ndinatera bwinobwino kenako ndege nkusiya msewu woterapo nkukalowa m'maudzu ine ndili momwemo maso ali tong'o, sizophweka ayi. Koma dzulo ndimaonanso kavidiyo komwe alamu anga anajambula tsiku limenelo ndiye ndangoti basi ndilembe.

Inali Cessna 172 ya kukalabu komwe ndimabwereka ndege. Amene simuidziwa, iyi ndi ndege yomwe anthu ambiri amaphunzirira, inayamba kupangidwa mu 1956 ndipo zapangidwa zoposa 44,000, palibe ndege ina yomwe inapangidwa yambiri chonchi. Mapiko ali pamwamba, matayala atatu, awiri pakati limodzi kutsogolo pansi pa mphuno. Ndi ndege yofatsa, imakhululuka zambiri, mwina nchifukwa chakenso imatipusitsa. Nthawi imeneyo ndinali ndi maola pafupifupi 90 mu logbook, buku lolembamo maola omwe wauluka, maola oti munthu wasiya kuopa koma sunadziwe kanthu.

Alamu anga anali asanakwerepo kandege kakang'ono, ndiye ndinawatenga masana ena kuti tikazungulire ola limodzi tibwerere. Kumwamba zonse zinayenda boo, anangochita mantha pang'ono titadutsa potentha ndege ikudumphadumpha, kenako anazolowera nkuyamba kujambula chilichonse. Pobwerera ndinamvera mphepo pa wailesi, akuti ikuchokera madigiri 220 pa kampasi, liwiro lake ma knots 14, pena kufika 20. Msewu woterapo unali 27. Manambala a pamsewu wa ndege amanena komwe msewuwo waloza pa kampasi, mumangowonjezera ziro, ndiye 27 ndi madigiri 270, kumadzulo. Mphepo ya 220 pa msewu wa 270 ndiye kuti ikubwera chakumanzere, yapatuka ndi madigiri 50. Pali kamasamu kophweka komwe timaphunzira, mphepo ikapatuka madigiri 30 theka lake ndi lomwe likukukankhira m'mbali, ikapatuka 45 ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ikafika 60 ingoiwerengani yonse. Ndinawerengera mumtima, ya m'mbali ikhala cha m'ma 11, ikawomba mwamphamvu ifika 15. Buku la 172 limati mphepo ya m'mbali yomwe anaiyesa potera ndi ma knots 15, pafupifupi makilomita 28 pa ola. Ndiye ndinati aaa tili mkati.

Nambala ya 15 ija ndiimepo kaye. Ambiri timaitenga ngati malire, kuti pansi pa 15 uli bwino, pamwamba pake ndiye ayi. Si malire. Ndi mphepo yomwe woyendetsa wa kufakitale, munthu woti ntchito yake ndi kuyesa ndege tsiku ndi tsiku, anatera nayo bwinobwino nthawi yomwe ankaivomereza ndegeyo. Sikunena chilichonse za ine wa maola 90 amene mphepo ya m'mbali yeniyeni ndinakumana nayo komaliza ndili ndi aphunzitsi pambali. Malire anga enieni tsiku limenelo mwina anali 8, koma ndinali ndisanadzifunsepo.

Potsika ndinachita zonse monga anandiphunzitsira, izi ndikhoza kulumbira. Ndili patali ndinaloza mphuno chakumphepo, ndege ikuyenda chammbali ngati nkhanu koma ikutsata mzere wa pakati. Liwiro ndinawonjezera pang'ono chifukwa cha mphepo yosinthasintha ija, lamulo lake ndi loti uwonjezere theka la kusiyana kwake, 20 kuchotsa 14 ndi 6 ndiye ma knots atatu, ndinali cha m'ma 68. Ma flaps, timapiko takumbuyo kwa mapiko tothandiza kutsika pa liwiro lochepa, ndinaika madigiri 20 osati onse. Nditayandikira pansi ndinaponda pedulo yakumanja kuti mphuno ilunjike msewu, nkugwetsa phiko lakumanzere kuti mphepo isandikokolole. Tayala lakumanzere linagunda pansi koyamba, tswii, kenako lakumanja, kenako lakutsogolo. Kutera kwabwino ndithu, kwina komwe ndinateratera mphepo kulibe sikunafike pamenepo. Alamu anafuula kuti eee alamu mwatha ntchito, ine kumwetulira.

Pamenepo mpomwe ndinasiya kuyendetsa ndege.

Sindikunena kuti ndinachotsa manja ayi, manja anali pomwepo, mapazi anali pomwepo. Koma m'mutu ndinali nditamaliza, ndikuganiza kale zoti ndikhotera pati potuluka mumsewu. Chiwongolero chomwe ndinachipinda kumanzere ndinachibweza pakati osadziwa nkomwe, phazi lakumanja linafewa. Ndege inali ikuthamangabe mwina ma knots 45 kapena 50, liwiro loti mapiko akadali ndi mphamvu, kulemera konse sikunakhale pamatayala, ili ngati ikuyenda chonyang'ama. Ndiye mphepo ija inabwera ndi mphamvu, ndinangoimva ikugunda m'mbali kuti phuu, mphuno nkuyamba kupita kumanzere.

Anthu ambiri ndikawafotokozera amadabwa, amati mphepo ikuchokera kumanzere bwanji ndege inathawira kumanzere komweko, sikuyenera kukankhidwira kumanja? Nkhani ndi mchira. Kumbuyo kwa ndege kuli chipsepse chachikulu choima chija, mphepo ikachimenya kuchokera kumanzere imakankhira mchira kumanja, ndipo poti matayala agwira pansi ndege imazungulira pamatayalapo, mchira kumanja mphuno kumanzere. Ndege ili pansi imafuna kuyang'ana komwe mphepo ikuchokera, nthawi zonse, ndi chibadwa chake. Ntchito ya woyendetsa ndi kuikaniza mpaka itaima.

Tsopano chomwe ndinachita ndi chomwe chimandipweteka mpaka lero. Nditaona mzere wa pakati ukuthawira kumanja kwanga, ndinapotoza chiwongolero kumanja. Ngati galimoto. Zaka zonse zomwe ndayendetsa galimoto zinadzuka nthawi imodzi nkulanda manja anga. Chiwongolero cha ndege sichikhotetsa matayala, olo mutachipotoza bwanji, chimangosuntha ma aileron, timapiko tating'ono takumapeto kwa mapiko. Pansi ndege imakhota ndi mapazi, mapedulo awiri aja amasuntha rudder, chipsepse chokhotetsera chomwe chili kumchira, ndipo pa 172 amakokanso tayala lakutsogolo kudzera m'masipuling'i. Ndiye kupotoza chiwongolero kumanja sikunakhotetse kanthu, chomwe kunachita nkudzutsa phiko lakumanzere, lomwelo lomwe mphepo imafuna kulowa pansi pake, lomwe ndimayenera kulipanikiza pansi ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamva mpando ukupendekera kumanja, tayala lakumanzere lapepuka kapena linanyamuka kumene, ndipo nsonga ya phiko lakumanja ndinaiona ikuyandikira phula.

Kenako mantha, ndinaponda pedulo yakumanja mwamphamvu koma phazi lonse linali litakwera pamwamba. Pa ndege izi mabuleki ali kumtunda kwa mapedulo omwewo, ukaponda ndi chidendene chili pansi ukusuntha rudder, ukaponda ndi zala kumtunda wagwira buleki ya tayala la mbali imeneyo. Aphunzitsi anga ankaimba nyimbo imeneyi tsiku lililonse, zidendene pansi, zidendene pansi. Ine ndinaponda zonse pamodzi, tayala lakumanja linaloka nkulira kwiii, ndege inagwedezeka kubwerera kumanja mwankhanza, ndinachita mantha nkusiya, ndikusiya kumeneko inabwereranso kumanzere kuposa poyamba. Kawiri konse ndinali m'mbuyo mwa ndege, iyo ichite kaye ine ndiyankhe mochedwa komanso mopyola muyezo. Chotsatira ndinangomva gubudu gubudu, phokoso la phula latha, tili m'maudzu, kenako kho! chinachake chagunda pansi pa ndege. Ndinakoka chiwongolero chonse kumimba, chimenechi chokha nchomwe ndinachita cholondola, kuti tayala lakutsogolo lisazike m'dothi, ndipo tinayenda mamita angapo nkuima.

Chete. Injini ikungolira pang'onopang'ono ngati palibe chachitika. Kuyambira pomwe matayala anagunda pansi mpaka kuima, pa vidiyo ndi masekondi 19.

Alamu anandiyang'ana, foni idakali m'manja, nkufunsa kuti, alamu, kodi ndi mmene mumaimikira? Sanali kuseka ayi, amafunsa zenizeni kkkk. Ndinati ayi alamu, khalani kaye momwemo musatsegule chitseko mpaka pulopela iime. Ndinanena pa wailesi kuti tatuluka mumsewu, tonse tili bwino, ndinazimitsa injini, mafuta, magetsi. Miyendo inayamba kunjenjemera nditatsika, osati ndili mkati.

Chomwe chinalira kuti kho chija inali nyali ya m'mbali mwa msewu, tinaithyola ndi tayala lakumanzere ndipo chivindikiro cha tayalalo chinang'ambika. Tayala lakumanja linali ndi chipande chophwatalala pomwe linakhuta phula, analisintha. Amakaniko anayang'ana kwambiri kutsogolo, chifukwa pa 172 mwendo wakutsogolo umamangiriridwa kuchitsulo chomwe chimalekanitsa injini ndi mokhala anthu, ukamenyetsa mphuno chitsulo chimenecho chimakwinyika ndipo ndi ntchito yaikulu. Chinali bwino. Mwayi waukulu unali pulopela, sinakhudze dothi. Ikanangogunda, injini za kampani ya Lycoming zimafuna kuti zitsegulidwe nkuyang'anidwa mkati olo kunja zikuoneka zabwinobwino, ndege ikanakhala pansi masabata ambiri ndipo anzanga akukalabu sakanandiyankhula.

Aphunzitsi anga akale anafika ndikulemba lipoti. Ndi bambo achikulire, osakonda kuyankhula zambiri, ndinkayembekeza kuti andikalipira. Anangozungulira ndege, anapita kumsewu kukayang'ana mizere yakuda ya tayala, nkubwerera.

Anati, chiwongolero chinali kuti?

Ndinati, bambo, ndinachigwetsera kumphepo, ndinatera ndi tayala lakumanzere.

Anati, sindikufunsa potera, ndikufunsa mutatera.

Ndinati chinali kumanzere. Ndipo ndimakhulupiriradi zimenezo, sindimanama. Alamu ndi amene anati, pepani achikulire, ine ndajambula, mwina muone. Tinaima atatu kuyang'ana kafoni, ndipo apo dzanja langa likuoneka bwinobwino, likubweza chiwongolero pakati matayala atangogunda, kenako likuchipotozera kumanja. Aphunzitsi sanayankhule kanthu, anangobweza foni nkuti, Loweruka mphepo ikakhalapo mubwere.

Chomwe ndinali nditachimva kambirimbiri koma chisanalowe m'manja ndi ichi, ndege ikamachepa liwiro zowongolera zake zimafooka, chifukwa zonse zimadalira mpweya womwe ukudutsa pa izo, koma mphepo ya m'mbali siifooka nawo, ili chimodzimodzi. Ndiye pomwe thupi likukuuza kuti zatha pumula, mpomwe ukuyenera kuwonjezera. Ukatera chiwongolero chizipitirira kupita kumphepo pang'onopang'ono mpaka chifike kumapeto, ndipo chikhale komweko mpaka utatuluka mumsewu, olo poyenda kupita koimika uzichisintha malinga ndi komwe mphepo ikukumenya. Mapazi nawo azigwira ntchito, timapondedwe ting'onoting'ono tofulumira, ponda siya ponda siya, osadikira kuti mphuno ipatuke kaye kwambiri. Maso kutali kumapeto kwa msewu, chifukwa ukayang'ana pafupi ndi mphuno kupatuka umakuona mochedwa. Ine ndimayang'ana pafupi, kufunafuna pokhotera.

Ndinapezanso kuti sindili ndekha, kaya nkutonthoza kaya ayi. Ku America bungwe la oyendetsa ndege zing'onozing'ono la AOPA lakhala likutulutsa lipoti la ngozi chaka ndi chaka kuchokera pa zomwe a NTSB, bungwe la boma lofufuza ngozi, amafufuza, ndipo chaka chilichonse ngozi za potera ndi zomwe zimachuluka kuposa zina zonse zomwe gwero lake ndi woyendetsa, ndipo kulephera kuilunjika ndege pamsewu kumakhala pamwamba pa mndandanda. Sizipha anthu kawirikawiri, liwiro limakhala lochepa, zimangopinda zitsulo ndi kunyazitsa anthu. Ndikuganiza kuti nchifukwa chake sitizikamba, aliyense amafuna kukamba za injini kuzima m'mwamba, zomwe ambiri sizidzatichitikira moyo wonse, koma za kutuluka mumsewu aliyense amabisa zake.

Si mphepo yokha imene imachititsa. Ena amabwera ndi liwiro lambiri, ndege ikukana kukhala pansi, ndiye amaikankha chiwongolero kutsogolo kuti aikakamize, kulemera konse kumapita patayala limodzi lakutsogolo matayala apakati ali lendelende, ndege yasanduka wilibala, ndipo wilibala yothamanga makilomita 100 pa ola palibe amene angailunjike. Ena tayala limaphulika kapena buleki imodzi imagwira yokha. Ena msewu wanyowa. Ena wokwera naye watambasula miyendo nkuponda pedulo osadziwa, mbali yakumanja kulinso mapedulo ake, ndipo ndivomere kuti usiku woyamba ndinayesa kuwaganizira alamu anga zimenezi, kufuna pothawira. Vidiyo inakana.

Funso lomwe anzanga amandifunsa ndi loti bwanji sunangoika moto nkunyamukanso. Kunyamukanso kumeneku timati go-around, ndipo ndi yaulere, timauzidwa choncho, ndipo nzoona. Koma ndaliganizira kwambiri ndipo pamalo pomwe ndinali sindikukhulupirira kuti ikanandipulumutsa. Ukakankha throttle yonse, kuipatsa injini moto wonse, pa liwiro lochepa ndege izi zimakokera kumanzere, pulopela imazungulira kumanja ukaiona uli mkati ndiye injini imapotoza ndege mbali inayo, komanso mpweya wa pulopela umazungulira thupi la ndege nkukamenya mchira kumanzere. Pamafunika phazi lakumanja lamphamvu. Ine ndinali ndikupita kale kumanzere, phiko limodzi m'mwamba, phazi lili pa buleki, kuwonjezera moto pamenepo bwenzi ndikulowa m'maudzu momwemo koma ndi liwiro lowirikiza. Nthawi ya go-around inalipo, pa sekondi yoyamba mphuno itangoyamba kusuntha ndikadali pa phula ndi liwiro, kapena m'mbuyomo ndikanaona kuti sindikutha kuugwira mzere. Ikadutsa nthawi imeneyo bola kutseka moto, kukoka chiwongolero nkulandira manyazi ako pang'onopang'ono. Ena atsutsa, tsutsani, inenso ndimakonda kumva.

Loweruka lija ndinapita, ndipo aphunzitsi sananditengere ku 172. Ananditengera ku kandege kakale ka Piper Cub ka mnzawo, kamene kali ndi matayala awiri kutsogolo ndi kakang'ono kumchira. Amene amati 172 ndi yovuta potera akakwere kameneka. Pa ndege ya tayala lakutsogolo, pakati pa kulemera kwa ndege pamakhala kutsogolo kwa matayala akuluakulu, ndiye ikapatuka pang'ono kulemerako kumaikokera kuti iwongoke yokha. Pa ya tayala lakumchira kulemera kuli kumbuyo kwa matayala, ikangopatuka pang'ono mchira umafuna kupitirira mphuno, ndipo ikapatuka kwambiri mpomwe imafunitsitsa kupatuka, ngati kuyendetsa galimoto pa rivesi mothamanga. Ukachedwa imazungulira pomwepo, amati ground loop, phiko lakunja nkukhuta pansi. Ku America munthu sungayendetse ndege yotere popanda mphunzitsi kukusainira padera mu logbook, olo uli ndi laisensi kale.

Tsiku loyamba sitinauluke nkomwe kwa theka la ola. Timangothamanga pamsewu mchira m'mwamba, kutseka moto, kuima, kubwerera, iwo ali pampando wina akungoti mapazi, mapazi, mapazi achimwene, mwagona. Ndinatuluka malaya atanyowa, akatumba a miyendo akuwawa ngati ndapalasa njinga tsiku lonse. Kandege kameneko sikalola kuti uganize za pokhotera, ukangochotsa maganizo sekondi imodzi kakuuza nthawi yomweyo. Ndinachita nawo maola asanu, kenako tinabwerera ku 172 nkumasankha dala masiku a mphepo, chisokosi choonetsa mphepo cha pabwalo la ndege chitaima chowongoka, anthu ena akumangirira ndege zawo ife tikutulutsa yathu. Ndipo anali ndi kachizolowezi kena, tikangotera amaika chala chimodzi pa chiwongolero cha mbali yawo, osakankha, kungochigwira, ndikayamba kuchibweza pakati ndimamva chalacho chikukana. Maulendo atatu oyamba ndinachimva onse atatu. Dzanja linali lisanamvebe, olo mutu unali utamva kalekale.

Panopa ndinalemba nambala yanga kuseri kwa logbook, mphepo ya m'mbali ma knots 10 ndikakhala ndekha, 8 ndikanyamula munthu, ndipo ndimaikweza pokhapokha ndauluka ndi aphunzitsi mu mphepo yoposa pamenepo. Kawiri ndabwerera kunyumba osauluka chifukwa cha nambala imeneyi, kamodzi anzanga akuseka kuti kamphepo aka? Ndimayankhulanso ndekha potera, mokweza, alipo munthu kaya palibe, matayala akangogunda ndimati sinathe, sinathe, sinathe, mpaka nditadutsa mzere wachikasu wotulukira. Wina amene ndinamunyamula mwezi watha anandifunsa kuti chomwe sichinathe nchiyani, mafuta?

Vidiyo ija alamu anakana kuifufuta, akuti ndi yawo. Ndinawapempha kuti asaitumize pa gulu la WhatsApp la kubanja ndipo mpaka pano asunga pangano, koma achemwali anga anaiona, ndikudziwa chifukwa tsiku lina ndikuwaperekeza pa galimoto ndinakhota pang'ono kuzemba dzenje iwo nkuti, achimwene, maudzu ali uko. Dzulo ndinaiyang'ananso kanayi, ndikuimitsa pa sekondi ya chisanu ndi chimodzi pomwe dzanja likuyamba kubwerera pakati. Pamenepo pakumveka mawu a alamu akuti mwatha ntchito, ndipo m'mphepete mwa chithunzi mukuoneka tsaya langa, ndikumwetulira.